Chipsera pa Batire ya Ida

Kunali kum'mawa, dzuwa lisanafike pamwamba pa mitengo ya mango, koma kunja kunali kutatentha kale. Kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Elliam anakwera pa chitsa kuseri kwa nyumba n'kupukuta fumbi pa kagalasi ka sola kamene kanali pa denga la chipinda chosungiramo katundu. Atatsika anatsegula loko n'kulowa.

Njinga yamoto ya malemu mkazi wake Ida inali pomwe anaisiya, itafundidwa chitenje chakale. Anagwada n'kusuzumira kunsi kwa mpando. Kanyale ka pa katchaja kanali kobiriwira.

"Wakhuta," anatero motsitsa mawu. "Lero ugwire ntchito."

Linali tsiku lomusudzula. Elliam anali telala wochokera ku Ulongwe, m'boma la Balaka, ndipo kwa Ngokwe kuno anabwera kudzakhala pachikamwini. Tsopano Ida anali atamwalira, chimanga chitalowa m'nkhokwe, thonje litapita ku msika, ndipo akuchikazi anati nthawi yakwana yoti mkamwini amasulidwe azipita kwawo. Kupitako sikunkamuvuta. Chimene chinkamudya mumtima chinali chakuti mwana wake Chimwemwe, mtsikana wa Fomu 3, atsala pamudzi pano monga mwa mwambo, ndipo atsala akukhulupirira kuti bambo ake ndi amene anapha mayi ake.

Nkhaniyi inayamba mu Febuluwale, mvula ili pakati. Blasius, mlongo wake wa Ida, anabwereka njinga tsiku Loweruka kuti apite ku chinkhoswe cha mnzake kutsidya kwa dambo. Anamangirira sipika yake yaikulu kumbuyo n'kunyamuka. Madzulo anabwera injini ikulira bwinobwino, analowetsa yekha njingayo m'chipinda, napereka kiyi.

M'mawa mwake Ida anadzuka ndi mphumu yake ya masiku onse, koma ulendo uno inabwera mwaukali. Mankhwala opopera mkamwa sanathandize. Milomo yake inayamba kuda. Elliam anatulutsa njinga, anatembenuza kiyi, nakanikiza sitata. Njinga inangoti tiki. Anakanikizanso. Tiki. Kiki yake, ija yolizira ndi phazi, inali itatha mano, ndipo Ida ankakonda kunena kuti bola sitata ilipo. Anayesa kuikankha, koma m'matope a mwezi umenewo tayala linkangotsetsereka osazungulira. Pomaliza anagoneka mkazi wakeyo m'ngolo ya ng'ombe. Ida anatsirizika ali m'njira, denga la chipatala lisanaoneke n'komwe.

Pamaliro Elliam analakwitsa chinthu chimodzi: anafunsa funso misozi ili m'maso. Anthu atabwerako ku manda, anayang'ana mlamu wake nati, "Alamu, kodi batire ija munaitani?"

Blasius anaimirira. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, ndipo ndiye anali mwini mbumba. Anatulutsa korona m'thumba n'kumukweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Ine? Ine sindidziwa n'komwe pamene batire imakhala pa njinga. Chivundikiro chake sindinachitsegulepo chibadwire. Ngati ndikunama Mulungu andikanthe pompano! Funsani telala wanuyu kudzala kumene anakatola batire yakutha. Munthu woumira, wosunga ndi timapisi ta nsalu tomwe, mukuti angagule batire yeniyeni? Mlongo wanga wafera kuumira kwa munthu uyu!"

Anthu anagwedeza mitu. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo satsutsana ndi korona pa maliro a eni. Apongozi ake, mayi Dailesi, anatembenukira kumbali osamuyang'ananso. Tsiku lomwelo Chimwemwe ananyamula bulangete lake n'kusamukira kwa agogo akewo. Kuyambira pamenepo akakumana ndi bambo ake ankapereka moni kwa nthaka. Yunifolomu yake itang'ambika mkhwapa, anapita nayo kwa telala wina wa tsidya lina la msewu pa Ngokwe, pamalo oonekera bwino kuchokera pa khonde limene Elliam ankasokerapo. Elliam anaona mwana wake akuyezedwa ndi tepi ya munthu wina. Anapitiriza kupalasa makina, koma msoko wa tsiku limenelo anachita kuuphwasula.

Anthu a pamaliro atabalalika, Elliam anadzitsekera m'chipinda muja n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali mwa njinga. Pambali pa mutu wofiira wa batire panali chipsera chakuda, pulasitiki atasungunuka, ndipo pa mutupo panali patatsalira timaulusi ta waya wa kopa topotedwa ndi zala. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Anadziwa kuti akatuluka nazo panja, Blasius angonena kuti wachita yekha. Choncho sanaitane munthu. Anakulunga batireyo m'thumba la saka, ndipo mawa lake anakwera matola kulowera ku Liwonde.

Kumeneko kunali makaniko wina dzina lake Hamadi, amene ankakonza njinga zamoto pansi pa shedi ya malata kufupi ndi njanji. Elliam anamusokerapo mkanjo wa Idi chaka china, ndipo kuchokera apo ankadziwana.

"Atelala! Ali uli? Pepani, za maliro tinamva. Mulungu ndiye mwini."

Elliam anamasula saka. Hamadi anagunditsa timawaya ta mita yake pa mitu ya batire, anayang'ana manambala, kenako anakanda chipsera chija ndi chikhadabo.

"Iyi sinafe, yangokomoka ndi njala. Wina anaiyamwa mpaka fupa. Taonani apa, waya wa sipika uyu. Anamanga ndi mano kapena? Inathetheka moto apa."

"Ndiye kuti siyakutha?"

"Yakutha iti? Batire yabwinobwino iyi. Mwachita bwino kubwera msanga. Mukanachedwa mwezi umodzi bwenzi tikukaiyika m'manda." Hamadi anadzigwira pakamwa. "Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire. Pakamwa panga, achimwene. Pepani."

"Palibe kanthu. Ndikufuna ikhale yamoyo mpaka Okutobala. Koma njinga isayende."

"Isayende? Njinga yongokhala imadya batire yake yomwe. Mwezi uno, mwezi wamawa, basi yazizira. Muziiyendetsa, ngakhale kungozungulira mudzi."

"Iyayi. Isamveke n'komwe."

Hamadi anamuyang'ana, anayang'ananso chipsera. Anaisiya batireyo pa tchaja yake tsiku lonse kuti itsitsimuke. Kenako analowa mkati n'kutulukamo ndi kanthu kakang'ono ngati sopo wochapira, kokhala ndi timapanilo tiwiri, pamodzi ndi kagalasi ka sola.

"Musadzapite nayo kwa otchaja mabatire a mawailesi aja. Tchaja yawo ndi yaukali, imawiritsa batire ngati mbatata. Aka ndi kaulemu. Sikathira, kamangodontheza. Batire ikakhuta kamaleka kokha, ikayamba kumva njala kamayambanso. Nyale ikafiira ndiye kuti ikudya, ikabiriwira yakhuta. Kofiira ku mutu wofiira, kakuda ku mutu wakuda. Mukasokoneza mudzabwera kudzandiuza nthano. Galasili muzilipukuta, fumbi la kwanu ndikulidziwa. Ndipo petulo mukamukhuthule yense, chifukwa akakhalitsa amasasa ngati thobwa."

"Kungodontheza basi, mpaka Okutobala?"

"Ngakhale mpaka Okutobala winayo. Chinthu chikamadya pang'onopang'ono sichifa."

Elliam ananyamula batire yake. Mawu amenewo anapita nawo kwawo pamodzi ndi katchaja.

Mvula inatha, chisanu chinabwera n'kupita, mphepo ya fumbi inayamba. Anthu ataona kagalasi pa denga anati telala watopa ndi kukatchajitsa foni ku msika. Chipinda chinali chokhoma nthawi zonse, ndipo anati ndi chisoni, sakufuna kuona njinga ya mkazi wake. M'mawa uliwonse iye ankapukuta galasi, kusuzumira kanyale, n'kupita ku ntchito. Sanakanganepo ndi Blasius. Akakumana panjira ankavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka, alamu. Mtembo wa njinga uja mukuusungabe? Muuthire mchere, ununkha."

Elliam ankangomwetulira pang'ono n'kudutsa. Masiku ena ankapeza nyale itafiira, dzuwa likakwera n'kubiriwiranso. Mkwiyo wake nawonso anaphunzira kuusunga motero: wosawira, wosazizira.

Tsiku losudzula litalengezedwa, anapitanso ku Liwonde. Anagula petulo watsopano m'chigubu ndi pulagi, kenako anapempha Hamadi katoni yopanda kanthu ya batire yatsopano, yowala bwino, yokhala ndi zithunzi za mphezi.

"Katoni yokha? Mukaphike?"

"Ndipatseninso njerwa ija mwatsekerezera chitseko."

Hamadi anaseka mpaka kutsokomola. "Wallahi, anthu ofatsa ndimawaopa ine."

Pobwerera Elliam sanatsikire pa shopu yake. Anatsikira pa mtengo wa bawo, pamene Blasius ndi anzake ankakhala masana onse. Anaika katoniyo paphewa, akupendekeka ngati munthu wonyamula cholemera, napereka moni mwaulemu, n'kudutsa pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake njere za bawo zinasiya kulira.

Ndiye lero tsikulo linali litafika. Elliam anachotsa timapanilo ta katchaja, anatseka chivundikiro bwinobwino, anathira petulo m'thanki, n'kufunditsanso chitenje.

Anthu anasonkhana pansi pa mango pa bwalo la mayi Dailesi. Amayi anakhala pa mikeka, abambo pa mipando. Kuchokera ku Ulongwe kunabwera Samson, mkulu wake wa Elliam, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, munthu wamfupi wosakonda kulankhula kawiri. Chimwemwe anakhala kumbuyo kwa agogo ake, maso ali pa zala za kumapazi. Blasius anakhala pa mpando wa ndalema, atavala jekete ngakhale kunali kotentha chotero.

Mawu omasula analankhulidwa. Anati mkamwini anakhala nafe, analima, anabereka, tsopano imfa yadula chingwe, apite mwaufulu, akapeza wina akwatire. Samson anawomba m'manja n'kuthokoza. Kenako anayamba za katundu. Makina osokera ndi a Elliam. Nyumba, munda ndi ziwiya ndi za mwana. Zonsezi zinayenda mosavuta.

"Kwatsala njinga yakufa ija," anatero Blasius, akudzipepesa mphepo ndi chipewa. "Imeneyo itsale. Ndidzaiukitsa ndine, izithandiza mbumba, poti ena anailephera."

Elliam anawomba m'manja mofatsa. "Ndamva, alamu. Koma ndisanapite ndiloleni ndiilize kamodzi kokha. Inali ya mkazi wanga."

Blasius anayang'ana anzake a pa bawo amene anakhala chakumbuyo, ndipo anatsinzinirana. Ankayembekezera zimenezi.

"Ilizeni, alamu, ilizeni. Mwina lero tiona akufa akuuka."

Elliam anaikankha njingayo mpaka pakati pa bwalo n'kuchotsa chitenje. Mayi Dailesi ataiona anapuma mozama; pa hendulo panali pakadali kachingwe kofiira kamene Ida ankamangirapo jumbo ya tomato. Elliam anatsegula kampopi ka petulo, anakoka tchoko, anatembenuza kiyi. Kanyale ka pa hendulo kanawala. Anakanikiza sitata.

Sitata inazungulira mwamphamvu, kwekwekwekwe, koma injini sinagwire. Wina anaseka. Elliam anadikira pang'ono, thukuta likutsika m'khosi. Akanakhala atanamizidwa, akanakhala kuti miyezi yonseyi ankapukuta galasi pachabe, bwenzi apa sitata itayamba kulefuka. Anakanikizanso. Inazungulira ndi mphamvu yomweyo, injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, n'kuzima. Anakanikiza kachitatu osachotsa chala. Injini inagwira. Inabangula mpaka nkhuku zinabalalika ndipo mbuzi inadula chingwe. Elliam analiza hutala, mawu ake akuthwa ngati a njinga yongotuluka m'sitolo.

Anaisiya ikulira chapansipansi, natembenukira kwa anthu. Sanakweze mawu kwambiri.

"Batire yake ndi yomwe ija. Ija munati ndinatola kudzala. Yakhala chikhalire kuyambira Febuluwale, ndipo mwaimva nokha. Batire yakutha sichita zimenezi. Tsiku lija inali yabwinobwino, koma wina anaiyamwa."

Blasius anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. Nkhope yake inali yowala ndi chisangalalo cha mlenje amene nyama yalowa yokha mu msampha.

"Mwamumva? Mwamumva wabodzayu? Amayi, mwamva? Munthu uyu sabata yathayi anadutsa pa bawo atasenza batire yatsopano, katoni yake ya mphezi! Tonse tinamuona! Achimwene, sitinamuone?"

"Tinamuona!" anavomera a pa bawo.

"Wagula yatsopano kuti adzatipusitse ngati ana! Akuyesa tonse ndife nsalu zoti azidula mmene akufunira."

"Ndi yomwe ija, alamu," anatero Elliam.

"Bodza!"

"Ndi yomwe ija."

"Ukunama, telala iwe! Ija ndikuidziwa ine! Ija ili ndi chipsera chakuda pambali pa mutu wofiira, pulasitiki anachita kusungunuka. Tsegula tione ngati chilipo!"

Sanadikire n'komwe. Anazungulira njinga molunjika kumanzere, anagwada, anatulutsa kiyi wa nyumba yake n'kumulowetsa pa kasikuluwu. Zala zake zinkadziwa poyambira. Anatembenuza kawiri, anamenya pang'ono ndi chikhatho pakona pamene chivundikirocho chinkakonda kukanirira, ndipo chinatseguka. Anachiponya pansi.

"Bwerani muone nonse! Bwerani mu..."

Maso ake anagwera pa batire. Chipsera chinali pomwepo, chakuda bii, ndipo timaulusi ta kopa tinali tikadali topotedwa pa mutu wofiira, tikunyezimira padzuwa.

Elliam anatambasula dzanja n'kuzimitsa injini. Ankafuna kuti bata limene likubweralo aliyense alimve bwino.

 Patali kunkamveka chigayo cha pa msika. Amene anaimirira kuti aone anabwerera pang'onopang'ono pamalo awo. Ndiye kuchokera kumbuyo kwa mayi Dailesi kunamveka mawu aang'ono, osanjenjemera.

"Atsibweni."

Blasius sanatembenuke.

"Atsibweni, chipseracho munachiona liti?"

"Iwe, nkhani za akuluakulu izi."

"Pamaliro a amayi munati simudziwa pamene batire imakhala. Munati chivundikiro simunachitsegulepo. Munagwira korona. Ine ndinalipo." Chimwemwe anali ataimirira tsopano. "Ndiye munachiona liti?"

"Ndi... alamu anandionetsapo tsiku lina."

"Liti, alamu?" anafunsa Elliam, mofatsa ngati akufunsa muyeso wa thalauza. "Chipinda chakhala chokhoma chimwalirire mlongo wanu. Kapena ndinakuonetsani ine ndisanachione?"

Samson anakonza kukhosi. "Korona uja mwabwera naye? Mwina atithandize."

Blasius anayang'ana kwa anzake a pa bawo. Mmodzi anali akuchotsa minga yosaoneka ku phazi, wina ankayang'ana mango aawisi m'mwamba. Mayi Dailesi anadzikoka pa mkeka mpaka anafika pafupi ndi njinga. Anayang'anitsitsa timawayato, kenako anakweza maso kwa mwana wawo.

"Blasius. Sipika yako tsiku lija inkalira ndi chiyani?"

"Amayi..."

"Ndikufunsa iwe. Kutsidya kuja kulibe magetsi. Inkalira ndi chiyani?"

Munthu wamtali uja anaoneka ngati jekete yamukulira. Analankhula akuyang'ana tayala.

"Batire imene anabweretsa eni chinkhoswe inatha masana, anthu akuvina. Ndinati ndingobwerekako pang'ono. Pobwera anyamata anachita kundikankha pa msewu wouma. Anati njinga ikayenda imadzaza yokha, ndiye ndinati pofika kuno ikhala itadzaza. Sindinkadziwa kuti m'mawa mwake..."

"Kuchokera kutsidya kufika kuno?" anatero Samson. "Mtunda woti mwana amapita kukapempha moto?"

"Sindinkadziwa, amayi!"

"Kusadziwa ndakumva," anatero mayi Dailesi. "Nanga korona?"

 Mayiwo anakoka chitenje n'kudzifunda kumutu, ndipo anayamba kulira maliro, kulira kwenikweni kwa tsiku loyamba, akutchula dzina la Ida. Amayi ena anawagwira mapewa.

Elliam anawayang'ana. Ankadziwa kuti gogoyu wataya mwana wachiwiri lero, ndipo anadikira kuti chisoni chimugwire. Sichinabwere. M'malo mwake anapita m'chipinda muja n'kutulukamo ndi katoni ya mphezi ija, akuinyamula ndi manja awiri monga mmene munthu amaperekera mphatso kwa wamkulu. Anagwada pang'ono n'kuiika pa mapazi a mlamu wake.

"Yatsopano ija ndi iyi, alamu. Ndakusiyirani."

Blasius sanaikhudze. Samson ndiye anaitsegula ndi ndodo yake n'kuipendeketsa. Njerwa inagubuduka n'kukaima pa nsapato ya Blasius.

"Imeneyo siitha moto," anatero Elliam. "Mukamangepo sipika."

Wina mwa a pa bawo analephera kudzigwira, anaphulika kuseka, kenako anadzitseka pakamwa pokumbukira kuti pali maliro. Blasius anatola chipewa chake n'kuchoka. Sanadutse njira ya ku msika, analowera ya kumunda.

Kulira kutachepa, mayi Dailesi anavundukula nkhope. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku manda anayang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Bambo a Chimwemwe, tinakulakwirani. Musapite. Nyumba ija ndi yanu."

Elliam anawomba m'manja mwaulemu wonse. "Zikomo, amayi. Koma mwandimasula kale, ndipo anthu amva."

Anatolera zovala zake, katchaja ndi kagalasi kake, n'kumangirira pa njinga. Palibe amene anatchulanso zoti njingayo itsale. Anayang'ana uku ndi uku kufuna Chimwemwe, koma mtsikanayo anali atalowa m'nyumba ya agogo ake n'kutseka chitseko. Elliam anaima pang'ono pafupi ndi khomolo. Mkati munali zii. Sanagogode.

Ali panjira, Samson atakhala kumbuyo, anafunsa mokuwa chifukwa cha mphepo, "Ndiye tikulowera ku Ulongwe?"

"Inu pitani, achimwene. Ine ndigona kuseri kwa shopu. Mwana sanalembe mayeso."

"Nanga akapanda kubwera?"

Elliam anangowonjezera moto.

M'mawa mwake linali tsiku la msika pa Ngokwe. Elliam anatulutsa makina pa khonde monga mwa masiku onse. Njinga anaiimika pamthunzi m'mbali mwa khoma, kagalasi ka sola atakatsamiritsa pa mwala poyang'ana dzuwa. Nkhani inali itafika kale pamsika iye asanadzuke. Amayi ogulitsa usipa amene kwa miyezi yonseyi ankamudutsa ngati chitsa lero ankapereka moni wautali. Cha ku mtengo wa bawo anamva wina akufuula, "Kodi a Njerwa sanabwere lero? Awauze kuti kuli chinkhoswe Loweruka!" ndipo kuseka kunafika mpaka pa khonde. Elliam anakumva bwino kusekako, ndipo kunamukomera. Sanayerekeze kudzinamiza kuti sikunamukomere. Koma maso ake ankabwererabwerera ku njira yochokera kumudzi.

Dzuwa litakwera anamuona. Chimwemwe ankabwera ndi jumbo m'manja. Atafika pakati pa msewu anaima. Kumanzere kunali telala uja ankamusokera chaka chino, kumanja kunali bambo ake. Elliam anaweramira nsalu imene inali pa makina, akuchita ngati akufunafuna ulusi umene unali m'manja mwake momwemo.

Mthunzi unagwera pa makina.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

Anakweza mutu. Moniwo sunali wa nthaka. Maso a mwanayo anali otupa, koma ankamuyang'ana iyeyo.

"Ndadzuka, mama. Kaya iwe?"

"Ndadzuka." Anatulutsa siketi ya yunifolomu m'jumbo. "Yafupika. Aphunzitsi akuti Lolemba andibweza."

Elliam anaitenga, anaitembenuza, n'kuyang'ana mpendero. Msoko wake unali wokhotakhota, ulusi wosiyana mtundu ndi nsalu.

"Anasoka ndani apa, munthu kapena nkhuku?"

Chimwemwe anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inalengeza m'maso. Anatembenukira ku njinga kuti abise nkhope, ndipo anaona kanthu kaja kakulendewera kunsi kwa mpando.

"Kameneka ndiye kanaisunga?"

"Komweko."

"Kakuwala kofiira."

"Ikudya. Dzulo inagwira ntchito. Ikakhuta kabiriwira." Anachotsa tepi m'khosi. "Galasilo lachita fumbi, ulipukute ndi kansaluko. Ukatha ubwere ndikuyeze, watalika iwe."

Mtsikanayo anatola kapisi ka nsalu pansi n'kukagwada pa kagalasi kaja. Elliam anatenga lezala n'kuyamba kuphwasula mpendero wa telala winayo, ulusi umodziumodzi. Atamaliza anasankha ulusi wofanana ndi siketi, anaunyowetsa ndi malovu, anaulowetsa pa singano, n'kuika phazi pa chopondera.